Wosenza mnzake naye amatopa

Akonzi, ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lino ngati mphunzitsi wa kumudzi. Ndimaphunzitsa Bayoloje ndi Zaulimi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'chigawo chapakati, kudera komwe munthu amapalasa njinga maola awiri kuti aone msewu wa tala. Ntchitoyi ndaigwira zaka 11. Nkhani yanga ndi ya anthu amene timathandiza ana ndi akulu omwe akodwa mu mowa ndi chamba kumidzi kuno. Za omwa ndi osuta timamva kawirikawiri pa wailesi ngakhalenso m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Za anthu amene amawasenza sitimva, ndipo ine ndidatsala pang'ono kugwa nawo katunduyo ndisanazindikire kuti nanenso ndikufunika wonditula.

Ntchito ya uphungu idandipeza ndisakuiyembekezera. Tsiku lina pa msonkhano wa aphunzitsi kumayambiriro a teremu, ahedi adati pakufunika mphunzitsi mmodzi woti aziona za uphungu wa ophunzira. Aliyense adayamba kuyang'ana pansi ngati wataya singano. Kenaka mnzanga wina adati, "Apatseni a Bayolojewa, amadziwa za thupi la munthu, komanso sakalipa." Anthu adaseka, adaomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Adandipatsa kope lalikulu lachikuto cholimba ndi kiyi wa kachipinda komwe timasungiramo makasu ndi makeni othirira. Kameneko ndiko kadasanduka ofesi yanga ya uphungu. Maphunziro a ntchitoyi sindidalandire ngakhale a tsiku limodzi. Dipuloma yanga ndi ya uphunzitsi, ndipo zochepa zomwe ndidaphunzira zokhudza maganizo a mwana zidali zondithandiza pomuphunzitsa m'kalasi. Za momwe ungamulanditsire ku botolo mudalibe.

Miyezi yoyamba idayenda bwino chifukwa milandu yake idali ya kujomba, kusowa fizi ndi makalata achikondi. Zinthu zidasintha atandibweretsera mnyamata wa Fomu 3 yemwe sinditchula dzina lake. Adali wa zaka 19, wanzeru kwambiri pa masamu, wa mtundu uja woti mphunzitsi akalakwitsa pa bolodi amamukonza mwaulemu. Adayamba kuwodzera m'kalasi, maso ali psuu, ndipo ukamuyandikira m'mamawa umamva fungo la kachasu. Malamulo a sukulu amati wotere abwezedwe kunyumba. Ndidapempha ahedi kuti andipatse teremu imodzi ndiyesere.

Nditapita kwawo ndidapeza kuti amakhala ndi agogo ake aakazi, makolo onse adatisiya. Kuseri kwa nyumba kudali mbiya, mpaipi ndi moto. Agogowo amatcheza kachasu, ndipo ndalama yomwe inkalipira fizi ya mwanayo inkachokera m'botolo lomwelo. Mwanayo ndiye ankatunga madzi, kusonkheza moto ndi kulawa ngati mowa wakolera, kuyambira ali ku pulayimale. Chamba adachipeza kwa makasitomala. Agogo adandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndikasiya kutcheza, sukulu asiya. Ndikapitiriza, mukuti akufa. Ndiuzeni inu ophunzira, nditani?" Ndidasowa choyankha. Ndidangolonjeza kuti ndibweranso.

Zomwe ndidachita pambuyo pake ndi zomwe aliyense wosaphunzitsidwa amachita. Ndidamulalikira. Ndidamujambulira chiwindi pa pepala n'kumuonetsa momwe mowa umachiwonongera. Ndidamuchititsa manyazi pomukumbutsa za makolo ake. Iye amavomera zonse, nthawi zina misozi ili chuchuchu, n'kulonjeza kuti wasiya. Pakatha masiku anayi fungo lija limabwereranso. Ine ndinkaona ngati akundipeputsa, ndipo ndinkapsa mtima kwambiri poganiza nthawi yomwe ndamutayira.

Nditasowa pogwira ndidapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene anthu kuno amangomutcha kuti adokotala. Ndi bambo wa msinkhu wanga, wodziwika mudzi ulionse chifukwa cha njinga yake ndi kabokosi ka katemera. Iye ndiye amayendetsa sikelo ya ana, amayendera zimbudzi ndi zitsime, amatsata odwala chifuwa chachikulu, ndipo nthawi ya kolera ija ya 2022 ndi 2023 ankagona mochedwa akugawa kolorini. Nditamufotokozera adapukusa mutu. Adati, "Achimwene, za malungo, kutsegula m'mimba ndi chibayo adatiphunzitsa, ndipo ndili ndi mabuku ake. Koma anthu a mowa ndi chamba amandipeza pakhomo sabata iliyonse, ndipo ndimangogwiritsa ntchito mutu wangawu." Tidagwirizana kuti tizithandizana. Tidali ngati akhungu awiri otsogolerana njira.

Apa ndiulule chinthu chomwe chimandivutabe mumtima. Pa tchuthi cha teremu yachiwiri ndidalangiza agogo aja kuti amutsekere mnyamatayo m'nyumba masiku atatu, osamupatsa ngakhale dontho, kuti mowa umuthere m'thupi. Ndinkaona ngati ndapeza nzeru. Tsiku loyamba madzulo adayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta ndi kusanza. Agogo atandituma mwana, ndidayankha kuti apirire, ndi mowa ukutuluka. Usiku wa tsiku lachiwiri adayamba kukuwa kuti akuona njoka pa khoma, kenaka adagwa n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu. Achibale ena adati walodzedwa, tipite naye kwa asing'anga. Mwamwayi mlangizi uja adakana, ndipo tidamukweza pa ngolo usiku womwewo kupita naye kuchipatala chaching'ono.

Dokotala amene tidamudzutsa adamubaya jakisoni ndi kumuika diripi. Mwanayo atakhazikika, adandiitanira panja n'kundifunsa kuti adalamula zomutsekera ndani. Nditavomera kuti ndine, sadandikalipire. Adandifotokozera kuti munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, ubongo wake umazolowera mowa, ndipo akausiya mwadzidzidzi thupi limadzidzimuka. Kunjenjemera kumayamba patangotha maola ochepa, kukomoka ndi kuphupha kumatha kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo ena amasokonezeka mutu kwambiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu mpaka kutaya moyo ngati salandira thandizo. Wotere amayenera kusiya mowa akuyang'aniridwa ndi achipatala, omwe ali ndi mankhwala ochepetsa zimenezi. Ine mphunzitsi wa Bayoloje, amene ndimaphunzitsa za ubongo chaka ndi chaka, izi sindinkazidziwa. Phunziro la mphindi khumi likadatha kundiletsa kuika moyo wa mwana wa eni pachiswe.

Usiku umenewo ndi womwe udandionetsanso kusiyana kwa mudzi ndi tauni. Dokotala adati mwanayo akufunika kuonedwa ndi odziwa za matenda a m'maganizo komanso kulandira uphungu weniweni wosiyitsa mowa. Tidayamba kuwerenga malo. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo chili ku Zomba. A Saint John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo amadziwika ndi ntchito yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kuchipatala cha kuboma kwathu kuli namwino wa za matenda a m'maganizo, koma kuti ukafikeko pamafunika kabaza wa njinga yamoto kenaka minibasi, kupita ndi kubwera, wodwala ndi womudikirira. Kwa agogo ogulitsa kachasu wa m'mabotolo ang'onoang'ono, malo onsewa adali ngati kunja kwa dziko.

Mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe kapena ku Katoto ku Mzuzu akagwa m'vuto lomweli, makolo ake atha kumutengera kwa mphungu tsiku lomwelo n'kubwerera kukadya nkhomaliro kunyumba. Sindikuwachitira nsanje, mwana ndi mwana. Ndikungonena kuti matenda ndi amodzi koma mwayi wochira ukudalira komwe munthu adabadwira. Ndipo kusiyana kumeneku sikuthera pa odwala. Kumafikanso kwa ife owathandiza. Mphungu wa m'tauni ali ndi anzake a ntchito yomweyo pafupi, ali ndi wamkulu woti akamufunse nzeru, ali ndi intaneti yoti awerenge. Ife kuno foni imagwira ukakwera pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Timangomva kuti kudali maphunziro a za uphungu ku hotela ina ya kunyanja, ndipo ukafunsa amene adapita umapeza kuti ndi anthu a m'maofesi, omwe sadakwezepo mwana wokomoka pa ngolo.

Mwana uja adachira n'kubwerera kusukulu, koma mbiri idamveka kuti pasukulu pali mphunzitsi amene amathandiza a mowa ndi a chamba. Anthu adayamba kubwera. Mayi wina adabwera ndi mwamuna wake amene adamwera ndalama zonse za fodya. Bambo wina adabwera ndi mwana wake womangidwa zingwe m'manja chifukwa atasuta adafuna kutentha nkhokwe. Ena ankagogoda pakhomo panga usiku. Ndinkagula mayunitsi ndi ndalama zanga, kulipirira anthu kabaza, ngakhale kuwagawira ufa. Akazi anga adapirira miyezi ingapo, kenaka tsiku lina adandifunsa kuti, "Bambo a mwana, kodi ana a eni okhaokha ndiwo ali ndi mavuto? Wanuyu mwamufunsa liti za kusukulu?" Adanena zoona, koma ine ndidangokwiya.

Tulo tidayamba kusowa. Ndikatseka maso ndinkaona mnyamata uja akuphupha pa mphasa. Foni ikalira usiku mtima unkagunda ngati ng'oma. M'kalasi ndidayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, ine amene adandisankha chifukwa chosakalipa. Anzanga ena ankandiseka kuti ndine ahedi a anthu a chamba. Chinsinsi cha ana sindikadatha kuchiulula mu ofesi ya aphunzitsi, choncho zonse zinkangounjikana mwa ine. Ndiye ndidayamba kudutsira pa sitolo ya mowa ya pamsika ndikaweruka, botolo limodzi loti ndigonere. Posakhalitsa adakhala awiri, kenaka atatu. M'mawa ndinkatafuna chingamu ndisanakakhale m'kachipinda ka makasu kulangiza ana za kuipa kwa mowa.

Loweruka lina m'mamawa ndikupita kukaona agogo aja, ndidapeza njinga yodziwika itatsamira mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Mlangizi wa zaumoyo adali atakhala pa chitsa, kapu ili m'manja. Tidayang'anana osapatsana moni. Patapita kanthawi adati, "Achimwene, musandiweruze. Sabata ino ndaika maliro a mnyamata amene ndakhala ndikumutsata chaka chathunthu. Adadzikhweza. Ndikauze ndani? Mawa kuli sikelo." Sindidamuweruze, chifukwa mkamwa mwanga mudali mukadali fungo la dzulo. Tidakhala pamenepo anthu awiri amene mudzi wonse umatidalira kuti tichotse ana ake mu mowa, tonse titayamba kumira m'dziwe lomwelo.

Chidatipulumutsa ndi funso limodzi. Namwino wa za matenda a m'maganizo wa kuboma uja amabwera kuchipatala chathu chaching'ono kudzaona odwala khunyu ndi ena, galimoto ndi mafuta zikapezeka. Ulendo wina ndidapita ndi mnyamata wanga uja kuti amuone. Atatha naye, adamutulutsa panja n'kundiuza kuti nditsale. Ndinkayembekezera kuti andipatsa malangizo a mwanayo. M'malo mwake adatseka faelo n'kundifunsa kuti, "Nanga inu aphunzitsi, mukugona bwanji masiku ano?" Zaka ziwiri ndikugwira ntchitoyi, padalibe adandifunsapo zimenezo. Ndidafuna kuyankha kuti bwinobwino, koma mawu adakana kutuluka. Ndidalira pamaso pa mayi amene sindinkamudziwa, ndipo ndidamuuza zonse, ndi za mabotolo zomwe.

Mayiwo sadadabwe. Adati kutopa kotereku n'kodziwika pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kumva mavuto a ena tsiku ndi tsiku, ndipo si chizindikiro cha kufooka kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Adati aphungu ophunzitsidwa bwino amakhala ndi wina wodziwa kuposa iwo amene amakumana naye kawirikawiri kuti akambirane milandu yovuta ndi kutula zomwe zili kumtima, ndipo kwa iwo zimenezi ndi gawo la ntchito, monga momwe makaniko amathirira oilo mu injini. Adandiuzanso chinthu chomwe chidandimasula: munthu amene akusiya mowa kapena chamba amabwereranso kangapo asanasiyiretu, ndipo kubwererako ndi khalidwe la matendawo. Sizitanthauza kuti wothandiza walephera kapena kuti wodwala ndi wosayamika. Mkwiyo wonse umene ndinkausungira mwana uja udasungunuka tsiku limenelo.

Mu ola limodzi adandiphunzitsa zomwe ndikadayenera kudziwa pa tsiku loyamba. Adati ndizifunsa kwambiri kuposa kulalikira: umamwa kangati, umayamba nthawi yanji, ukapanda kumwa umamva bwanji, mowa umakuthandiza kuiwala chiyani. Adandiuza zizindikiro zoti ndisachedwe nazo koma kuthamangira kuchipatala, monga kunjenjemera m'mawa, kukomoka, kumva mawu kapena kuona zinthu zomwe ena sakuziona, ndi kuyankhula zofuna kudzipha. Adati ndisaope kumufunsa mwana mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsako sikumuika maganizowo, kumamutsegulira khomo loti ayankhule. Adafotokozanso kuti ubongo wa munthu umapitirira kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, n'chifukwa chake chamba chimavulaza kwambiri amene ayamba ali aang'ono. Pomaliza adati ndiike malire: maola oonera anthu, ndalama zomwe sindingapereke, ndi tsiku limodzi pa sabata la banja langa lokha. Adandilembera nambala yake pa kapepala.

Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwezi wotsatira tidayamba kukumana anthu asanu ndi mmodzi: ine, mlangizi wa zaumoyo, namwino wa pachipatala chaching'ono, mayi wapampando wa gulu la amayi loona za atsikana pasukulu, mkulu wa mpingo mmodzi ndi bambo wa chitetezo cha m'mudzi. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi m'kalasi ya Fomu 1. Palibe alawansi, aliyense amabwera ndi chimanga chake chootcha kapena mbatata. Tili ndi malamulo atatu. Sititchula dzina la munthu amene tikumuthandiza. Zokambidwa m'chipindamo zimathera momwemo. Ndipo tisanayambe za odwala, aliyense amayamba wanena momwe iye mwini alili. Tikakhala ndi mlandu wotikanika, timasonkherana mayunitsi, n'kukwera pa chulu chija kuimbira mayi wa kuboma.

Sindikunamizani kuti zonse zidakhala bwino. Mnyamata uja adabwereranso ku mowa kawiri, ndipo mayeso a MSCE adalemba mochedwa ndi chaka chimodzi. Adakhoza, masamu ali patsogolo, ndipo pano amathandiza pa sitolo ina ya zipangizo zaulimi. Amati akamva fungo la kachasu mtima umamukokabe, koma tsopano amadziwa woti amuimbire. Agogo ake adalowa banki m'khonde mothandizidwa ndi gulu la amayi ndipo amagulitsa tomato ndi zitumbuwa, ngakhale miyezi ya njala mbiya ija imabwererabe pamoto. Mlangizi wa zaumoyo adachepetsa kumwa pang'onopang'ono motsatira malangizo a achipatala. Ine ndatha miyezi 14 ndisanadutsire pa sitolo ija. Alipo ena amene tidawataya, ndipo mayina awo ali m'kope langa lija. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano maliro otere sindiwalira ndekha.

Dziko lathu lachitapo zinthu pa nkhani ya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mu 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti umene ana ankalowa nawo m'kalasi m'matumba a yunifolomu. Mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoona za mowa. Mu 2020 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo ali ndi chiphaso, koma kusuta kukadali mlandu. Kuno kumudzi zotsatira zake timaziona mosiyana. Masacheti atachoka, kachasu adatsala ndipo kudabwera timabotolo totchipa. Ana ena amandiuza molimba mtima kuti chamba adachiloleza, iwo adamva pa wailesi. Amene amakhala pansi kuwongola zimenezi, mwana mmodzimmodzi, ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, namwino ndi mayi wa m'gulu la amayi. Lamulo limalembedwa ku Lilongwe, koma miyendo yake ndi ifeyo. Miyendo ikathyoka, lamulo limangokhala pa pepala.

Choncho ndili ndi zopempha zingapo kwa akuluakulu a zaumoyo, a zamaphunziro ndi mabungwe, ndipo zambiri sizofuna ndalama zochuluka. Choyamba, munthu asapatsidwe kiyi wa chipinda cha uphungu asanaphunzitsidwe. Ngakhale masiku atatu okha angapulumutse moyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi ndondomeko yotchedwa mhGAP, yomwe idayamba mu 2008, yophunzitsira azaumoyo wamba kuzindikira ndi kuthandiza matenda a m'maganizo kuphatikizapo mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Nzeru zake zilipo kale. Zifike kwa namwino aliyense wa chipatala chaching'ono, ndipo gawo losavuta lifike kwa alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi. M'makoleji a uphunzitsi namonso mphunzitsi aliyense azituluka akudziwa zizindikiro zoopsa zomwe ine ndidaziphunzira pa ngolo usiku.

Chachiwiri, maphunziro azibwera komwe kuli ntchito. Ndalama yogonekera anthu 20 ku hotela ingathe kuphunzitsa aphunzitsi ndi alangizi a dera lonse m'kalasi ya sukulu, ophunzitsa awiri okha atabwera kuno. Posankha opita, muziyamba mwafunsa kuti kodi ndani amene anthu amamugogodera usiku. Timabuku tothandizira ntchito tilembedwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, pa pepala, chifukwa zomwe zili pa intaneti m'Chingerezi sizifika kwa mayi wa gulu la amayi amene alibe foni yamakono.

Chachitatu, chomwe ndikuchiona kuti ndi chachikulu, wothandiza aliyense akhale ndi womuyang'anira amene amamufunsa za ntchito ndi za moyo wake. Namwino mmodzi wa kuboma sangayendere midzi yonse, koma atapatsidwa mayunitsi ndi tsiku limodzi pa mwezi loimbira magulu ngati lathuli, angafikire ambiri. Mafuta a galimoto yopita kumidzi kukaona odwala matenda a m'maganizo asamakhale oyamba kudulidwa ndalama zikachepa. Dziko lathu lili ndi sukulu zophunzitsa akatswiri a ntchitoyi, monga Kamuzu University of Health Sciences ndi koleji ya Saint John of God ku Mzuzu. Ndikupempha kuti mwayi wina wa maphunziro uzisungidwira anthu amene akugwira kale ntchito kumidzi ndipo ali okonzeka kubwerera komweko akamaliza.

Chachinayi, manambala a foni othandiza afalitsidwe kwa ifenso. Bungwe la YONECO lili ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ndi ya 6600 ya nkhani za mankhwala ozunguza bongo, ndipo palinso Chipatala Cha Pa Foni. Ine manambala amenewa ndidawadziwa mochedwa, kuchokera kwa mnzanga wa kutauni. Pano ndidawalemba pa khoma la kachipinda kanga. Amathandiza ana, koma amathandizanso mphunzitsi amene wasowa chochita pakati pa usiku. Chaka chilichonse pa 26 June dziko lapansi limakumbukira tsiku lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo pa 10 October tsiku la umoyo wa m'maganizo. Tsiku lina mwambo wake udzachitikire pabwalo la sukulu ya kumudzi, ndipo pa mndandanda wa oyankhula padzakhale mlangizi wa zaumoyo wa njinga.

Kwa anzanga amene muli pa ntchito ngati yanga, kaya ndinu aphunzitsi, anamwino, alangizi, atsogoleri a mipingo kapena apolisi a m'madera, musadikire kuti thandizo lichokere kumwamba. Pezani anzanu atatu kapena anayi, sankhani tsiku, khalani pansi. Fufuzani dzina la namwino wa za matenda a m'maganizo wa m'boma lanu ndipo mupemphe nambala yake. Ngati mwayamba kumwa kuti mugone, kukalipira a pabanja panu popanda chifukwa kapena kuopa kulira kwa foni, dziwani kuti katundu wakulemerani, ndipo kunena si manyazi. Ndipo chonde musatsekere chidakwa m'nyumba kuti chisiye mowa mwadzidzidzi. Pitani nacho kuchipatala.

Kwa inu owerenga ena nonse, pali chinthu chomwe mungachite popanda kutulutsa tambala. M'mudzi mwanu kapena pamalo panu alipo munthu amene aliyense amathamangirako mwana akasokonezeka ndi chamba kapena bambo akagwera mu mowa. Mwina mumamuona akudutsa pa njinga mumvula, kapena ataima pa depoti ndi mwana wa eni. Mukakumana naye sabata ino, musayambe ndi kumuuza za vuto lanu. Mumufunse kaye momwe akugonera, ndipo mudikire yankho lake.

Mphunzitsi wa kumudzi,
Chigawo chapakati